Ndinakafuna Machiritso ku Peru, Matenda Ali Pakhosi Panga

Chizindikiro choyamba ndinachionera pa supuni. Unali mwezi wa Okutobala, masamba a mitengo ya mu South Bend atayamba kufiira, ndipo ndinali pa shifiti ya m'mawa kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Ndinkamwetsa phala gogo wina amene manja ake anasiya kugwira. Nditanyamula supuni, inayamba kugogoda m'mphepete mwa mbale, phala n'kudonthera pa thaulo. Gogoyo anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndikumva kuzizira. Sindinkamva kuzizira. Ndinasintha dzanja, koma lamanzere nalo linkanjenjemera chimodzimodzi.

Dzina langa ndine Thoko. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala kuno ku Indiana zaka zambiri pamodzi ndi amuna anga, amene amagwira ntchito pa fakitale ina ku Elkhart. Tili ndi mwana mmodzi, Tadala, yemwe panthawiyo anali atangoyamba koleji kutali ndi kwathu. Ndikulemba zimene zinandichitikira chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena amene akudwala mwakachetechete monga ndinkachitira ine.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho amayi anga anamwalira kumudzi. Kumaliro sindinapite. Uthenga unandipeza mochedwa, ndipo panalibe ndege imene ikanandifikitsa asanaike. Mwambo wonse ndinaonera pa foni nditakhala pansi m'khichini, netiweki ikudukaduka, moti pamene ankatsitsa bokosi chithunzi chinangoima. Sindinalire kwambiri. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu n'kupita kuntchito. Choncho manja atayamba kunjenjemera, aliyense anali ndi yankho kale, ngakhale ine ndemwe: ndi chisoni chimene sichinatuluke.

Mu Novembala mtima unayamba kuthamanga. Ndinkatha kukhala phee pa mpando koma mtima ukugunda ngati ndangotsika kumene phiri. Tulo tinachepa. Ndinkadya kwambiri kuposa kale, njala osatha, koma thupi linkangotha. Yunifolomu inayamba kulendewera ndipo ndinkamanga buluku ndi pini. M'mimba munkatseguka kawirikawiri. Ndikapesa, tsitsi linkatsalira m'chipeso. Pofika Januwale, sinowo atakwirira magalimoto panja, ine ndinkatsegula zenera la kuchipinda n'kuzimitsa hita, thukuta lili kamukamu, amuna anga atafunda mabulangete awiri ndi jekete pamwamba. Sanadandaulepo. Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi mkwiyo. Ndinkawakalipira pa zinthu zopanda pake, monga kapu yosiyidwa pa tebulo, kenako ndinkadzitsekera kubafa n'kumadzifunsa kuti munthu amene akulankhulayu ndi ndani.

Kuchipatala sindinapite. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, inshuwalansi yathu imayamba kulipira ife titalipira kale ndalama zambiri za m'thumba, ndiye tinazolowera kupita kwa dokotala pokhapokha zikafika povuta. Chachiwiri, ndinkaopa kuuzidwa kuti mutu wanga sukuyenda bwino n'kupatsidwa mapilisi a zimenezo. Kutchalitchi anandipempherera, ine ndinasala kudya, koma manja sanasiye.

Kuntchito kunali mnzanga wina wachizungu, Renee, amene mwana wake anafa pa ngozi ya galimoto zaka zingapo m'mbuyomo. Tsiku lina pa nthawi yopuma anaona ndikulephera kutsegula paketi ya shuga. Ananditsegulira, n'kundiuza kuti iyenso anakhala nthawi yaitali osagona, mpaka pamene anapita ku Peru, m'nkhalango, kumene asing'anga a kumeneko amamwetsa anthu mankhwala otchedwa ayawasika. Amawiritsa mtengo wina woyanga pamodzi ndi masamba, munthu amamwa pa mwambo wa nyimbo, amasanza, amaona zinthu, ndipo ambiri amati amabwerako atapepukidwa. Renee anati anaona mwana wake ndipo anatsanzikana naye. Sankandigulitsa kanthu. Ankalankhula misozi ili m'maso, ndipo ine mawu oti kutsanzikana anandilowa mumtima.

Ndinaimba foni kumalo amene iye anapitako. Anayankha mnyamata wa mawu ofatsa, amene anandifunsa ngati ndili ndi matenda a mtima kapena ngati ndikumwa mankhwala aliwonse. Ndinayankha kuti ayi, chifukwa panalibe amene anandipezapo ndi matenda. Kenako anatchula mtengo: madola zikwi ziwiri ndi theka pa sabata imodzi, theka lake kulipiriratu, ndipo losabwezedwa. Ndege inali yolipira padera. Boti lochokera m'tauni kupita kumaloko nalo linali lolipira padera. Kufuna chipinda chawekha kapena kuonana ndi sing'anga pawekha, kuwonjezeranso. Kuphatikiza masiku amene ndikanajomba kuntchito osalipidwa, zonse zinkapitirira madola zikwi zinayi. Nditadula foni ndinaseka ndekha. Kwathu munthu wopita kwa sing'anga ankanyamula nkhuku kapena kandalama kochepa, n'kudzera njira ya kuseri kuti a mpingo asamuone. Kuno anthu amalipira ndi khadi n'kuika zithunzi pa intaneti.

Ndalama zoterozo tinali nazo pamalo amodzi okha. Zinali zimene tinkasunga kuti tikawake chiliza cha amayi ndi kuti ine ndikaone manda awo. Nkhani ya ku Peru ndinawauza amuna anga ngati nthabwala, Lamlungu masana tikuchokera kutchalitchi. Iwo sanaseke. Titafika pakhomo anazimitsa galimoto, koma sanatsike.

"Mayi a Tadala, za mankhwala amenewo ine sindikuzidziwa, ndipo mtima wanga sukuzikonda. Koma ndikukuonani mukutha ine ndikuyang'ana. Chiliza chikhoza kudikira. Amayi ali pamene ali, sakuchokapo. Amene mukundichoka ndinu. Ngati mukuona kuti kumeneko mukapeza tulo, tengani ndalamazo."

Tinalipira theka lija sabata yomweyo, ndipo anandibukira mwezi wa Malichi.

Ndili ndi achemwali anga, a Felesia, amene ndi nesi ku Indianapolis ndipo amakhala ku Lawrence. Tinali tisanaonane maso ndi maso kuyambira nthawi ya maliro, ndipo pa foni ndinkapewa kuyatsa kamera. Tsiku limene ndinawauza za ulendowu anandikakamiza kuiyatsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Thoko, wawonda chonchi bwanji? Nanga maso akowo atong'oka liti? Za ku Peru sindikuletsa, ndiwe wamkulu. Koma usanakwere ndege iliyonse ukayezetse magazi. Wamva?"

Ndinalonjeza, ndipo ndinaimbadi ku kiliniki. Popeza ndinali ndisanapiteko kwa zaka, anati ndine wodwala watsopano ndipo malo anali kumapeto kwa Epulo. Ndikanatha kupita kumalo ena kumene amaona munthu tsiku lomwelo, koma ndinaopa bilu. Ndinadziuza kuti ndidzayezetsa ndikabwerako. Lero ndimaona kuti ndinaopa mazana ochepa pamene ndinali nditapereka kale zikwi, koma panthawiyo mutu unali wotopa moti sindinkatha kuziika pamodzi zinthu ziwirizi.

A ku Peru aja anandiuza kuti kwa masabata awiri ndisanapite ndisiye mchere, shuga, khofi, nyama ya nkhumba ndi zakudya zamafuta. Ndinatsatira zonse, ndipo ndinafooka kwambiri. Tsiku la ulendo amuna anga ananditula pa siteshoni ya sitima ya ku bwalo la ndege la South Bend. Anandinyamulira chikwama mpaka pa mpando, anapemphera mwachidule atandigwira phewa, n'kutsika. Sitimayo inandifikitsa ku Chicago, kumene ndinakwera ndege mpaka ku Lima, kenako ina yaing'ono mpaka tauni ya m'nkhalango, kenako boti.

Malowo anali okongola, sindinama. Mitengo italiitali, mbalame zosiyanasiyana, ndi kutentha kwa chinyezi ngati kwa ku Nsanje nthawi ya dzinja. Tinalipo alendo ochokera ku Germany, Canada, Australia ndi kuno ku America. Wakuda ndinali ndekha. Aliyense anabwera ndi katundu wake mumtima: wina ukwati unatha, wina anali msilikali, wina ankafuna kusiya mowa. Eni malowo anali alendo ngati ife. Ophika, otunga madzi ndi ochapa anali anthu a m'midzi yapafupi. Sindikudziwa kuti pa ndalama zathu zija iwo ankalandira zingati, koma nsapato zawo zinkandiuza kuti si zambiri. Sing'anga anali mayi wachikulire, wamfupi, wosalankhulalankhula.

Mwambo woyamba unayamba dzuwa litangolowa, m'nyumba yozungulira yofolera ndi udzu. Aliyense anali ndi matiresi ndi chidebe chosanziramo. Mankhwalawo anali mu kapu yaing'ono, olimba ngati phala lamadzi, owawa ngati ndulu. Mayi uja anayamba kuimba. Anzanga ena analira, ena anaseka. Ine ndinasanza kwambiri ndi kutsegula m'mimba. Amayi anga sindinawaone. Chimene ndinkamva ndi mtima wokha, ukuphiriphitha m'chifuwa ngati nkhuku yomangidwa m'thumba. Kutacha anzanga anadzuka odekha n'kumakambirana zimene anaona, koma mtima wanga sunatsike. Ndinauza mmodzi wa othandizira, ndipo anati ndi thupi likudziyeretsa, ndimwe madzi ambiri. Madziwo sankakhazikika m'mimba.

Pa mwambo wachiwiri ndinachita kukwawa kuti ndikalandire kapu. Mayi uja anali atayamba kundipatsa, koma ataona mmene dzanja langa linkanjenjemerera, anaika kapuyo pansi. Anandigwira pamkono kwa kanthawi, kenako anandikhudza pakhosi. Analankhula mawu ochepa kwa womasulira.

"Akuti musamwenso," anatero womasulirayo. "Akuti zimenezi si za kuno. Mupite kuchipatala."

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi kukafunsa ngati angandibwezereko ndalama za masiku otsala. Anandiyankha mwaulemu kuti sizitheka. Kusintha tikiti ya ndege kunadyanso ndalama zina. Chipatala cha m'tauni muja ndinachidutsa, chifukwa chilankhulo chawo sindichidziwa ndipo ndinkangofuna kwathu. Limenelo linali ganizo loopsa, ndipo sindilimbikitsa wina kuchita chimodzimodzi. Za ulendo wobwerera ndimakumbukira zochepa: wantchito wa m'ndege akundiika nsalu yonyowa pamphumi, ndiponso njinga ya olumala imene anandikankhira pa bwalo la ndege.

Amuna anga anabwera ndi galimoto kudzanditenga ku Chicago. Zotsatirazi anachita kundiuza. Akuti thupi langa linali lotentha ngati mbaula, ndipo m'njira ndinayamba kulankhula zosamveka, kuwaitana ndi dzina la mchimwene wanga, n'kumafunsa ngati mbuzi zatsekeredwa. Titafika mu South Bend sanakhotere kunyumba. Anapitirira mpaka ku chipatala cha m'tauni n'kundinyamula m'manja kulowa nane pa khomo la odwala mwadzidzidzi.

Ndinatsitsimuka ndili m'chipinda cha odwala kwambiri, mawaya ali pachifuwa, dripi kumikono yonse, ndi zoziziritsa thupi m'khwapa. Pamwamba pa mutu panga panali makina olira nthawi zonse. Dokotala wamkazi, wolankhula pang'onopang'ono, anakhala pa mpando pafupi ndi bedi n'kundifotokozera. Anati pakhosi pa munthu aliyense pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kamene kamalamula liwiro limene thupi limagwirira ntchito. Changa chinkagwira ntchito mopitirira muyezo kwa miyezi yambiri, chifukwa chitetezo cha m'thupi langa chinkachisonkhezera molakwika. Kunjenjemera, kuwonda, kutentha, kusagona, mkwiyo, maso, zonse zinkachokera pamenepo. Zimene zinandigwetsa ndi pamene matendawa afika pachimake, ndipo anandiuza mosabisa kuti anthu ena amafa nazo.

Amuna anga anali atawauza kale za ku Peru ndi dzina la mankhwala aja. Ndinkayembekeza kudzudzulidwa, koma dokotalayo anati: "Sindinganene kuti chakumwacho chokha ndicho chachita izi. Koma ulendo wautali, kusanza, kutha madzi m'thupi, ndi mankhwala okweza kugunda kwa mtima, zonsezi zinagwera mtima umene unali ukuthamanga kale. Amuna anu anachita bwino kutiuza zoona. Zinatithandiza kusankha mankhwala."

Masiku a m'chipinda chimenecho ankafanana. Kusanache kwenikweni ankabwera kudzatenga magazi. Kenako manesi ankasinthana, atayima pakhomo n'kumauzana za ine motsitsa mawu. Kenako mapilisi: ena ochepetsa liwiro la mtima, ena oletsa chithokomiro kupanga zochuluka, ndi timadontho towawa tosungunulira m'madzi. Madokotala ankadutsa chakum'mawa, ndipo tsiku lonse lotsala linali lodikira. Ndinaphunzira kuyang'ana nambala ya mtima pa makina aja monga mlimi amayang'anira mitambo. Inkatsika pang'ono, n'kukweranso ndikangotembenuka. Ine amene ntchito yanga ndi kusambitsa ndi kutembenuza anthu, tsopano ndinkasambitsidwa ndi kutembenuzidwa. Mtsikana amene ankandisambitsa ankayamba watenthetsa manja ake asanandikhudze, ndipo ndinadziuza kuti ndikadzabwerera kuntchito ndizidzatero.

Amuna anga anapempha tchuthi kufakitale. Tsiku lina m'mawa ndinadzuka ndikumva wina akundidzoza mafuta kumapazi, amene anali atang'ambika. Anali iwo, atawerama, misozi ikugwera pa bulangete. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo akulira.

"Ndine ndinakukwezani sitima ija, mayi a Tadala. Ndinakunyamulirani chikwama ndi manja angawa."

"Munandikweza chifukwa munkafuna ndikhale ndi moyo," ndinawayankha. "Ndipo ndinu amene simunakhotere kunyumba."

Anapitiriza kudzoza mpaka anamaliza phazi linalo, n'kundiveka masokosi.

Achemwali anadiraiva kuchokera ku Lawrence atangoweruka kuntchito. Ndinkaopa kuonana nawo, koma sanatchule n'kamodzi komwe za magazi amene sindinayezetse. Anabweretsa phala la mgaiwa mu fulasiki, anafunsa manesi mafunso amene ife sitinkadziwa kufunsa, kenako anakhala kumutu kwa bedi n'kundiluka tsitsi lotsalalo, mofatsa kuti lisathothoke. Tadala anabwera kumapeto kwa sabata. Ndinkamulankhula m'Chichewa, iye n'kumayankha m'Chingelezi monga mwa nthawi zonse, koma pochoka anandinong'oneza kuti, "Amama, muchire," ndipo mawu awiri amenewo ndinawasunga.

Patapita masiku anandisamutsira ku wodi wamba, ndipo kumayambiriro kwa Epulo ndinatuluka. Miyendo inali yofooka moti masitepe a pakhomo pathu ndinkakwera mopumira. Ndinkamwa mapilisi m'mawa ndi madzulo, ndipo milungu ingapo iliyonse ndinkapita kukapereka magazi. Pang'onopang'ono manja anadekha. Ndinayamba kugona. Tsiku lina ndinapempha juzi, amuna anga n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Kutchalitchi nkhani inali itamveka kuti mayi a Tadala anapita kwa asing'anga a kunja. Ndikudziwa kuti ena analankhula. Koma amayi a chigwirizano anagawana masiku otibweretsera chakudya, ndipo mayi wina wachikulire atandipeza ndikuyesa kufotokoza, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, munthu akamamira safunsa kuti chingwe n'cha ndani. Mwabwerako, basi." Bilu ya chipatala inabwera yaikulu ngakhale inshuwalansi inalipirako. Mayi wina wa ku ofesi ya chipatalacho anatithandiza kuti tizilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo tikulipirabe. Chiliza cha amayi anawaka ndi achemwali pamodzi ndi achimwene athu kumudzi. Ine sindinaponyepo kanthu, ndipo palibe amene anandikumbutsa.

Mu Julayi thupi linayamba kuyabwa ndi kutuluka zidzolo, ndipo magazi anaonetsa kuti chiwindi sichikugwirizana ndi mapilisi oletsa chithokomiro aja. Dokotala anati sindingapitirize nawo nthawi yaitali. Chifukwa cha vuto la maso, limene njira ina yochizira ikanalikulitsa, anaona kuti njira yabwino kwa ine ndi opaleshoni yochotsa chithokomiro chonse. Tinasankha kukachitira ku Indianapolis kuti ndikachirire kwa achemwali, popeza amuna anga tchuthi chinali chitawathera. Tinayenda kangapo pa msewu wautali uja wodutsa m'minda ya chimanga, kukaonana ndi dokotala wa opaleshoni, kukajambulidwa pakhosi, kukayezedwa mtima. Ulendo uliwonse unali wa maola ambiri pa msewu ndi m'chipinda chodikirira, koma kuonana ndi dokotala kwake kwa mphindi zochepa. Anandiuza zoopsa zake mosabisa: kuti mawu akhoza kusasa, mwina osabwereranso bwinobwino, ndi kuti mchere wolimbitsa mafupa ukhoza kutsika m'magazi.

Opaleshoni inachitika mu Ogasiti, m'mawa. Ndimakumbukira kuzizira kwa kufiyeta, ndi nesi amene anandifunsa dzina langa ndi tanthauzo lake pamene ankandigonetsa. Ndinadzuka masana pakhosi pali bandeji, kumeza kukuwawa. Ndinayesa kuitana amuna anga koma panangotuluka mpweya. Tsiku lotsatira milomo ndi nsonga za zala zinayamba kuchita dzanzi, ndipo anandipatsa mapilisi akuluakulu ngati choko. Zonse ziwiri anali atandichenjeza, choncho sindinachite mantha kwambiri. Anandigoneka masiku ochepa n'kunditulutsa.

Kwa achemwali ndinakhala pafupifupi mwezi. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, poyamba ngati a munthu wa chimfine. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankanditenga kukayenda ku paki imene kale inali kampu ya asilikali, pafupi ndi kwawo. Poyamba tinkangofika pa benchi yoyamba. Tsiku lina titakhala pamenepo, achemwali anayamba kufotokoza mmene amayi ankatidzutsira kupita kumunda, kutikoka chala chakuphazi mmodzimmodzi osalankhula kanthu. Ndinaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Ndinalira maliro a amayi anga pa benchi imeneyo, ndi mawu osasa, patatha chaka ndi miyezi, achemwali atandikumbatira, anthu othamanga ndi agalu awo akutidutsa. Chisoni chinalipo ndithu. Anthu sananame. Koma chinali chinthu china, matenda chinthu china, ndipo thupi litasiya kuthamanga m'pamene chisonicho chinapeza malo. Pambuyo pake ndinayamba kuonana ndi mlangizi wa za maganizo, chinthu chimene kale ndinkachita nacho manyazi, ndipo chandithandiza.

Lero ndili bwino. Ndinabwerera kuntchito, thupi linabwerera, tsitsi linamera. Pakhosi pali kachipsera kopyapyala kamene anthu ambiri sakaona. Diso lamanja likadali lotuluka pang'ono ndipo ndimathira mankhwala likauma. M'mawa uliwonse ndimamwa kapilisi kamodzi ndisanadye kanthu, kolowa m'malo mwa chithokomiro, ndipo ndidzamwa moyo wanga wonse. Magazi ndimayezetsa nthawi imene dokotala wanena, osadumphitsa. Nyimbo zokwera sindizifikanso, ndiye kukwaya anandisamutsira kwa oimba mawu apansi.

Sindinalembe izi kuti ndinyoze mankhwala a zitsamba. Ndinakula ndikumwa nimu, ndipo mayi wa ku Peru uja anandichitira chifundo pondimana kapu yachiwiri. Renee akadali mnzanga. Analira atamva, ndipo ndimakhulupirira kuti iye anathandizikadi. Koma malo amenewo salipiritsa ndalama zokha. Ine anandidyera miyezi imene ndikanakhala ndikumwa mankhwala oyenera, ndipo anatsala pang'ono kudya moyo wanga. Funso limene anandifunsa pa foni, ngati ndili ndi matenda, ndinaliyankha moona, koma munthu amene sanayezetse sangadziwe yankho lake. Kumene ndinapitako kunalibe dokotala, ndipo chipatala chinali kutali, ulendo wa pa boti.

Choncho abale anga, makamaka inu amene muli kunja kuno, mukugwira mashifiti awiri ndi kutumiza ndalama kumudzi: thupi likayamba kusintha, pitani mukayezetse msanga. Mukaonda osadziwa chifukwa, mtima ukamathamanga mutangokhala, manja akamanjenjemera, tulo tikasowa, musadzipatse nokha dzina la matendawo, ngakhale mutakhala kuti mwaferedwa. Akakupatsani tsiku lakutali, nenani zizindikiro zonse ndipo pemphani lapafupi, kapena pitani kumene amaona anthu tsiku lomwelo. Ngati mukuopa bilu, funsani ku ofesi ya chipatala. Njira zolipirira zimakhalapo. Ngati mwatsimikiza mtima kupita ku miyambo ya mankhwala ngati imene ndinapitako ine, yambani mwaonana ndi dokotala ndipo mumuuze dzina la chimene mukukamwa. Ndipo ngati mwamwa kale kanthu, kaya n'kochititsa manyazi chotani, nenani.

Magazi amene anaulula matenda anga anali ochepa, osadzaza n'kabotolo kotalika ngati chala. Anawatenga pa chipatala chimene basi ya mumzinda imaima pakhomo pake, chimene ndinkachidutsa tsiku lililonse popita kuntchito. Musachidutse inu. Tsikani, lowani, mukapereke mkono.